Tchalitchi chathu chaima pa windo, anthu agawikana: tiyambire pati?

Nabanda:
Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndithandizeni nzeru. Mpingo wathu wa CCAP uli ndi milaga 6 ndipo tikumanga tchalitchi chatsopano. Khoma linafika pa windo, koma chaka chatha osaikapo njerwa ngakhale imodzi. Amayi a Chigwirizano akuti iwo ndiwo amatunga madzi ndi kuphikira amisiri, koma kukomiti saitanidwa. Achinyamata akuti amangokumbukiridwa pa tsiku lotuta mchenga. Milaga iwiri yakutali inasiya kupereka, ati ndalama sizioneka kumene zikupita. Abusa alalikira za umodzi kangapo konse koma palibe chasintha. Tiyambire pati?

Mkulu_Wopuma:
Mayi, yambirani pa ndalama. Anthu okayikira thumba samva ulaliki wa umodzi, amangoti akufuna atidyerenso. Ngakhale Paulo sananyamule yekha chopereka cha ku Yerusalemu. Pa 2 Akorinto 8:18-21 akuti mipingo inasankha m'bale woti ayende nawo, kuti pasakhale wowanena.

Sesheni isankhe anthu atatu osakhala m'komiti yomanga, mmodzi achokere ku milaga imene ikudandaulayo. Aone buku la msungichuma, malisiti ndi sitetimenti ya ku banki kuyambira tsiku limene munakumba maziko. Zimene apeze ziwerengedwe pamaso pa mpingo, ngakhale zitakhala zochititsa manyazi. Nthawi zambiri sipakhala kuba ayi: pamakhala simenti yogulidwa opanda lisiti, kapena ndalama ya chitukuko imene inabwerekedwa pa maliro osabwezedwa.

Zikatero ikani malamulo. Akaunti ya chitukuko ikhale payokha, osayinira atatu, ndalama izituluka asayina awiri, ndipo asakhale a banja limodzi. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu awiri kapena atatu mapemphero akangotha, alembe, asayine, chipite ku banki Lolemba. Za Airtel Money kapena Mpamba, makamaka zimene amatumiza ana athu a ku Joni, zisamalowe pa nambala ya munthu imene amagulirapo ndiwo. Mwezi uliwonse pepala limodzi pakhomo la tchalitchi: zolowa, zotuluka, zotsala.

MayiWaMvano:
A Mkulu anena zoona, koma pali linanso. Ogwira ntchito ndi ena, ogamula ndi ena. Komiti ikonzedwenso: mlaga uliwonse utumize munthu mmodzi wosankhidwa ndi eni ake, kuphatikizapo amayi awiri, achinyamata awiri ndi mmisiri. Musapitirire anthu 12, mukachuluka msonkhano umasanduka msika. Misonkhanoyo izizungulira m'milaga. Munthu amene amapalasa njinga maola awiri kudzamva zimene anzake apafupi agwirizana kale, ulendo wachitatu sabweranso.

Pogawa ntchito musanene kuti "tonse Loweruka tibwere". Tonse alibe dzina. Tsegulani Nehemiya 3 muone mmene analembera: banja lakuti chigawo chakuti, ena pandunji pa nyumba zawo. Inunso lembani kuti mlaga wakuti ngolo 10 za mchenga pofika tsiku lakuti, wakuti madzi sabata yoyamba. Ndipo gawo lilingane ndi chiwerengero cha akhristu. Mlaga wa anthu 40 sungasenze mtolo wofanana ndi wa anthu 200.

Nyengo nayonso muziiona. Kuitana anthu mu Disembala ali kalikiliki kubzala ndi kupalira, kapena kupempha ndalama mu Febuluwale nkhokwe zili mbee, n'kuwaputa dala. Zopereka zikuluzikulu zidikire masika. Amene alibe ndalama abweretse ndowa ya chimanga kapena mtedza, ilembedwe m'buku lomwelo pa mtengo wa pamsika.

Dikoni_Chisale:
Ine nditsutsepo pang'ono pa zowerenga zonse poyera. Ziwerengero za thumba inde, koma kutchula kuti uje wapereka zakuti pa Paper Sunday kumagawa mpingo kuposa mmene timaganizira. Olemera atatu amawomberedwa m'manja, kenaka ayamba kulamula mtundu wa malata, mayi wamasiye amene anatunga migolo ya madzi n'kukhala ngati sanachite kanthu. Lengezani za mlaga wonse, masiku ogwira ntchito muwawerengere limodzi.

Ngati kafukufukuyo apeza munthu wolakwa, tsatani Mateyu 18:15-17: awiri kaye, kenaka mboni, pomaliza sesheni. Pa gulu la WhatsApp ayi. Nkhani ikalowa mmenemo, abale ake onse amachoka naye limodzi.

Mmisiri_wa_ku_Mponela:
Mawu a mmisiri, mayi. Khoma lokhala chaka pamvula liyambe layenderedwa: mizere yapamwamba imene yafumbutuka ichotsedwe, ming'alu ionedwe. Musayambe ndi kulengeza mtengo wa denga lonse, anthu amagwa ulesi. Lengezani gawo limodzi lokha, kufika pa ring beam (lamba wa konkire wozungulira khoma pamwamba pa mawindo), ndi matumba a simenti, zitsulo ndi miyala zimene zikufunika. Likatha, anthu a milaga yakutali aitanidwe adzaone ndi maso. Simenti musagule yambiri nthawi imodzi pofuna kuonetsa kuti ntchito yayamba. Ikakhalitsa miyezi itatu imayamba kuchepa mphamvu, pachinyezi ndiye imauma n'kukhala mwala. Iikeni pa matabwa, yotalikirana ndi khoma, ndipo makiyi a sitolo asunge wina, buku lotulutsira katundu wina.