Zotsatira za E. coli zikuchedwa, mbendera ndiikweze bwanji?

Walabu_UK: Akuluakulu thandizeni. Khonsolo yomwe ndikugwirako kuno ku England ikufuna malo osambira mumtsinje pakati pa tauni, ati poti Paris inatsegula mtsinje wa Seine kwa osambira mu Julaye 2025. Akufuna mbendera yobiriwira kapena yofiira m'mawa uliwonse. Koma Colilert, njira yoyezera E. coli (mabakiteriya osonyeza kuti m'madzi muli chimbudzi), imadya maola 18 mu incubator! Mvula ikagwa usiku CSO yakumtunda (potayira suweji mumtsinje mapaipi akadzaza) yasefukira kale, ine m'manja ndili ndi pepala ladzulo loti madzi ali bwino. Ndisaine chiyani?

Mkuluwamasuweji: Musasaine, achimwene. Ikagwa mvula tsekani maola 48, basi.

NaMadzi: Ku Copenhagen sadikira labu. Pamalo osambira a Islands Brygge, omwe anatsegula mu 2002, mbendera imatsata model yowerengera mvula ndi suweji yomwe yasefukira, labu imangotsimikizira pambuyo. Pemphani kukampani ya madzi data ya EDM, yosonyeza kuti suweji yasefukira liti komanso kwa nthawi yaitali bwanji.

Mkuluwamasuweji: Model siinunkhiza madzi, mayi. Paris inakumba thanki ya Austerlitz ya ma cubic metre 50,000 yosunga madzi amvula ndi suweji, komabe triathlon ya amuna pa Olimpiki ya 2024 inasunthidwa tsiku chifukwa madzi a Seine anali oipa. Tsekani.

Wamipope: Bwana, mvula si yokhayo. Pena pomwe ndinagwirako kunali ng'amba, dzuwa phwee, koma E. coli ili m'mwamba. Tinayenda manhole ndi manhole tikuthira dye, n'kupeza zimbudzi za mzere wonse wa nyumba zalumikizidwa kungalande ya madzi amvula. Eni ake sankadziwa n'komwe. Lamulo lanu la maola 48 likanalowetsa ana m'zonyansa.

NaMadzi: Chinanso, E. coli 900 pa 100 ml, yomwe lamulo la madzi osambira limatchula, musaitenge ngati malire atsiku. Ndi 90th percentile ya masampulo a zaka zinayi, kutanthauza kuti pafupifupi masampulo 9 pa 10 alionse asapitirire pamenepo. Enterococci, mabakiteriya ena am'chimbudzi, ili ndi yake, 330. Mabwana amasokoneza zimenezi, wina akatsegula m'mimba dzina lili papepala ndi lanu.

Mkuluwamasuweji: Zolumikiza molakwikazo konzani, sindikukana. Koma ikagwa, tsekani.

WaNdirande: Inu mukukamba za kusambira, ife mtsinje wa Mudi tikungolira kuti asiye kununkha. Kwathu kuno ngakhale E. coli itatsika, pali likodzo, ndipo Colilert siona nkhono. Alipo wayezako Mudi chaka chino?

Walabu_UK: Ndamva nonse. Nanga qPCR, njira yowerenga DNA ya tizilombo? Akuti maola ochepa zatuluka, koma imawerenganso DNA ya tizilombo takufa, ndiye kunsi kwa treatment works yomwe imapha tizilombo ndi kuwala kwa UV manambala angakwere pachabe. Alipo anaigwiritsapo ntchito pamtsinje?

Mkuluwamasuweji: Mudzagula makina odula kuti akuuzeni zomwe mitambo yakuuzani kale.