Abwana anga akale analemba kuti ndine "blunt": ananditukwana kapena anandiyamikira?

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikulemba ndili ku Bangula, ndipo ndikupempha amene Chingerezi mumachidziwa bwino mundithandize msanga, chifukwa Lachisanu ndikuyenera kukasiya kalata yofunsira ntchito ku Nchalo.

Namondwe wa Freddy atatisakaza mu Malichi 2023, ndinapeza ntchito ku bungwe lina lomwe linkagawa thandizo m'misasa kuno kwathu. Dzina lake sinditchula. Ndinali kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu: kulandira ufa, ndowa, malona, makasu ndi zikwanje, kulemba m'buku, ndi kutulutsa pokhapokha pali pepala losayinidwa. Ntchito itatha ndinapempha abwana athu, mayi wina wochokera ku England, kuti andilembere kalata ya umboni. Anandilembera, ndipo pakati pake pali chiganizo ichi: "She is blunt, but honest and very hardworking."

Ine nditaona honest ndi hardworking ndinakondwa n'kuisunga mu sutikesi. Dzulo mlongo wanga wa Folomu 4 ataiwerenga anati, "Achemwali, apatu anakunyozani. Blunt ndi dull n'chimodzimodzi, ndipo dull ndi mwana uja mutu wake sugwira m'kalasi." Tinayang'ana mu dikishonale ya pa foni, zoonadi, onse awiri akuti chinthu chosathwa. Usiku wonse tulo sindinatione.

Chikundisokoneza kwambiri n'chakuti mayi omwewa anandikonzapo pa mawu omwewa. Tsiku lina ndinalemba lipoti kuti zikwanje zina zomwe tinalandira zinali dull, iwo anakhwatcha n'kulemba blunt pamwamba. Ngati ndi amodzi, anakhwatchiranji? Ndipo ngati zikwanje zija zinali blunt, ine ndine chikwanje chobuntha?

Ndiye chonde, mawu awiriwa amasiyana pati? Nanga kalatayi ndiiphatikize kapena ndiisiye?

Bambo wa ku Dyeratu: Achemwali, musaiike. Mabwana ena amakusekererani pamaso, akagwira cholembera n'kukubayani m'Chingerezi podziwa kuti simumva. Mlongo wanu wakupulumutsani.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu: Mwanawanga, khazikani mtima pansi, simunatukwanidwe. Chingerezi ndinaphunzitsa ku sekondale mpaka kupuma, ndipo mawu awiriwa ankakola ana chaka ndi chaka. Mlongo wanu wanena zoona pa mpeni, koma pa munthu walakwitsa.

Mawuwa amakumana pamalo amodzi okha, pa chitsulo chimene chasiya kudula. Blunt knife ndi dull knife, wonsewo ndi mpeni wobuntha. Mukangochoka pa mpeni, aliwonse amalowera njira yawoyawo.

Dull ndi mawu a chilichonse chimene chazilala. Chitenje chosuluka ndi dzuwa lathu lino mtundu wake ndi dull. Kunja kukachita mitambo tsiku lonse, ngati ku Thyolo nthawi ya chiperoni, amati dull day. Msonkhano wogonetsa tulo ndi dull. Akanena munthu, ndiye kuti ndi wochedwa kumva zinthu, kapena wosakoma kucheza naye. Tanthauzo la kupusali si lachilendo ayi: m'Chingerezi chakale kwambiri munali mawu akuti dol, kutanthauza wopusa, ndipo dull ndi m'bale wake.

Blunt akanena munthu sakhudza nzeru mpang'ono pomwe. Ndi munthu wosapsatira mawu, uja timati sabisa Chichewa. Singano imalowa mwakachetechete, koma chinthu chobuntha chimagunda. Mawu a munthu wotereyu amafika choncho, osasalazidwa, osakutidwa ndi "pepanitu" kapena "mwina ndalakwitsa". N'chifukwa chake mzungu akafuna kunena chinthu chowawa amayamba ndi "to put it bluntly", ngati mmene ife timanenera kuti "ndinene mosapita m'mbali".

Kuti muone kusiyana kwake, tengani mawu akuti sharp, amene amatsutsana ndi onse awiriwa pa mpeni. Munthu mmodzi atha kukhala sharp, wakuthwa m'mutu, komanso blunt, wosapsatira. Ambiri anzeru ali otero. Koma sangakhale sharp ndi dull m'mutu womwewo.

Wofunsa: Zikomo kwambiri aphunzitsi, mtima wayamba kutsika. Koma nanga zikwanje zija anakhwatchiranji, poti mwati pa chitsulo onse ndi olondola?

Mwana wa ku Nsanje wokhala ku Indiana: Limeneli ndiyankhe ine, achemwali, chifukwa linandichitikira mobwerera. Kuno ku America mpeni ukasiya kudula anthu amati dull. Ine nditangofika ndinkati blunt monga tinaphunzirira kwathu, ndipo anzanga a kuntchito ankamva ndithu, koma iwo sankatero. Ku Britain ndiko amakonda blunt pa mpeni, pa lezala, pa pensulo. Abwana anu ndi a ku England, ndiye khutu lawo linafuna blunt. Lipoti lanu silinali lolakwika, munangolemba mmene amanenera kuno.

Wodula nzimbe, Nchalo: Ine sukulu ndinalekera Sitandade 8, koma chikwanje ndachigwira zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndifunse nawo. Chikwanje chili ndi mbali ziwiri. Mbali yodulira ndimanola ndi tupa m'mamawa, pofika masana yabuntha chifukwa nzimbe timadulira pansi penipeni ndipo chitsulo chimakhula dothi, ndiye ndimanolanso. Kumsana kwake sikunathwepo chipangidwire, ndipo sikufunika kuthwa. Pa Chichewa sindinganene kuti kumsana kwabuntha, chifukwa chimabuntha ndi chimene chinali chakuthwa. Kodi azungu mbali ziwirizi amazitchula ndi mawu amodzi?

Mphunzitsi wopuma, Ngabu: Achimwene a ku Nchalo, funso lanuli ndi limene ndikanakonda kumafunsidwa m'kalasi. Kumsana kwa chikwanje ndi blunt. Chinthu chimene chinapangidwa dala chopanda kuthwa kapena chopanda nsonga, monga hamala, munsi, mpini wa khasu, kapena sizasi zija amapatsa ana a mkaka zokhala ndi nsonga zobulungira, chimatenga blunt. Mbali yodulira ija, imene inali yakuthwa m'mawa n'kubuntha masana, ndi imene mawu onse awiri amaloledwa. Ndiye tinganene kuti dull amanena za kuthwa kumene kwatha, pomwe blunt amanyamula zonse, kumene kwatha ndi kumene kunalibepo. Si lamulo lolembedwa pamwala, azungu eni ake amasakaniza nthawi zina, koma mukalitsata simudzachita manyazi.

Namwino, Chikwawa: Kuchipatala mawu awiriwa timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo sitiwasinthanitsa. Munthu akabwera ndi kalata ya kupolisi atamenyedwa ndi chibonga, mwala kapena mpini, m'lipoti mumalembedwa blunt object, kusiyanitsa ndi bala la mpeni kapena la botolo losweka. Wogwa pa njinga ya kabaza n'kumenyetsa chifuwa pansi, popanda chomuboola, timati blunt trauma. Dull object sindinaonepo wina atalemba.

Koma pa ululu zimatembenuka. Tikafunsa wodwala kuti, "Mukumva kubaya kapena kukungowawa pansipansi?" kubaya kuja ndi sharp pain, kuwawa kwa pansipansi kosalekeza, ngati kwa msana mukaweramira tsiku lonse potola thonje, ndi dull pain. Apa blunt salowapo. Ndipo mankhwala akachepetsa ululu osauthetseratu amati achita dull the pain. Kusiyanitsa kumeneku si kwa mayeso okha, kumathandiza dokotala kudziwa koyambira.

Bambo wa ku Dyeratu: Ndamva aphunzitsi, ndipo pa tanthauzo ndagonja. Koma ine ndikadali ndi nkhawa. Ngati ndi kuyamikira, n'chifukwa chiyani analemba but? Munthu sanena kuti "ndi wabwino koma ndi wabwino".

Mayi wa kwa Tengani, wogwira ntchito ku Blantyre: Bambo a ku Dyeratu agwira mfundo yeniyeni, tisaithamangitse. Ine ndimakhala nawo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito, ndipo makalata oterewa ndawerenga ambiri. Blunt si chitukwano, koma si chiyamikiro chokhachokha. Ali pakati. But uja akuonetsa kuti mayiwo ankadziwa kuti ena atha kuliona ngati vuto, ndiye anafulumira kuikapo honest ndi hardworking kuti alemere kuposa. Akunena kuti: mtsikanayu adzakuuzani zoona ngakhale simukuzifuna, koma sadzakuberani ndipo sadzakhala pansi.

Mmene owerenga adzalilandirire zitengera ntchito imene mukufuna. Ngati ndi ya m'nyumba yosungiramo katundu, ya ndalama, kapena yoyeza katundu pa sikelo, ine nditawerenga chiganizo chimenechi ndingakuikeni pamwamba, chifukwa malo amenewo amafuna munthu wotha kukana. Ngati ndi yolandira alendo kapena yoyenda m'midzi kukakambirana ndi mafumu, wina pa gulupo adzafunsa ngati mumadziwa kulankhula ndi akuluakulu. Kwathu kuno mukudziwa, mawu oona onenedwa poyera kwa munthu wamkulu amasanduka mwano.

Palinso china. Si onse owerenga kalatayo adzakhale ngati aphunzitsi a ku Ngabu. Wina adzamva ngati mmene anamvera mlongo wanu, ndipo sadzakufunsani, adzangoika pepala lanu pambali.

Ndiye malangizo anga ndi awa, mng'ono wanga. Ngati muli ndi imelo kapena WhatsApp ya mayiwo, alembereni lero mwaulemu. Musawaimbe mlandu. Auzeni kuti mukuthokoza kalatayo, koma kuno mawu akuti blunt ena amawasokoneza ndi dull, ndiye ngati n'kotheka aikepo frank, direct kapena straightforward. Onsewa akunena za munthu wosazungulira, koma alibe kakhambi kamene blunt ali nako. Akapanda kuyankha pofika Lachisanu, iphatikizeni momwemo. Kalata yokhala ndi honest yochokera kwa amene anakusungitsani katundu wa anthu ovutika ndi yolemera kuposa kupita opanda kalata. Mukhale mutakonzeka kufotokoza mukafunsidwa. Kalatayo musayerekeze kuikonza nokha ndi cholembera kapena pa kompyuta, chimenecho ndicho chingakuonongereni mbiri.

Wofunsa: Amayi a kwa Tengani, mawu anu andikumbutsa chinthu chimene ndinaiwala. Ntchito ndikufunayi ndi ya m'nyumba yosungiramo katundu ndithu. Ndipo ndikuganiza kuti ndadziwa tsiku limene mayi aja anandionera. Kunabwera bambo wina wolemekezeka m'dera, ali ndi anyamata awiri ndi ngolo, kufuna malona ndi ufa popanda pepala. Anati pepala libwera mawa. Pakhomo panali mzere wa amayi amene anagona panja masiku angapo, ena ali ndi makanda kumsana. Ine ndinawauza pamaso pa onse kuti, "Bambo, popanda pepala pano sipatuluka ngakhale ndowa imodzi, ndipo dzina lanu pa mndandanda wa okhudzidwa palibe." Anachoka atakwiya kwambiri. Amayi anga atamva anandikalipira madzulo ake, amvekere ukanawatengera pambali n'kuwauza bwinobwino. Abwana aja anali chapafupi ndipo womasulira anawafotokozera zonse. Sananene kanthu tsikulo.

Mpaka lero ndimaona kuti kukana ndinakana bwino. Koma za dzina lawo pa mndandanda mwina sizinafunike kunenedwa pagulu.

Namwino, Chikwawa: Achemwali, blunt wake ndi ameneyo ndendende. Mukadzafunsidwa pa intavyu, nkhani imeneyi ndiyo yankho lanu, mudzangosiya kutchula kuti anali ndani.

Mphunzitsi wopuma, Ngabu: Mwanawanga, kamuuzeni mlongo wanu kuti asachite manyazi, dikishonale ya pa foni imapereka tanthauzo loyamba lokha munthu akapanda kutsika pansi. Poti MSCE ili pafupi ndipo popanda kukhoza Chingerezi satifiketi sapatsidwa, asunge izi: sukulu zathu zimatsata Chingerezi cha ku Britain, ndiye pa mpeni, khasu, nkhwangwa ndi pensulo azilemba blunt. Pa mtundu, nyengo, ululu, phokoso losamveka bwino ndi nkhani yosakoma azilemba dull. Pa munthu aziyamba waima kaye n'kudzifunsa ngati akunena za pakamwa kapena za m'mutu. Ndinaonapo mwana atalemba m'chimangirizo kuti agogo ake, amene ankaweruza milandu mosaopa munthu, anali "a very dull man". Ankafuna kuwatamanda.

Wodula nzimbe, Nchalo: Aphunzitsi, zikomo, lero ndaphunzira. Achemwali, mukafika ku Nchalo Lachisanu mulawire, kutentha kwa masiku ano pofika 10 koloko sikuyendeka.

Wofunsa: Ndabweranso, lero Lachinayi. Ndinawalembera mayi aja Lachiwiri usiku monga anandilangizira amayi a kwa Tengani, ndipo ayankha m'mawa uno. Apepesa kuti sanaganize zoti mawuwo angamveke mwina kuno. Akuti ankakumbukira tsiku la malona lomwe lija, ndipo ndi chifukwa chake anandisiyira makiyi mpaka ntchito kutha. Atumiza kalata ina, pamene panali blunt aikapo direct, ndipo but uja wasanduka and. Ndakaisindikiza kale pa msika. Yoyamba ija ndaibwezera mu sutikesi, sindiitaya.

Mlongo wanga wakopera yankho la aphunzitsi m'kope lake la Chingerezi. Takhuta nonse, a ku Dyeratu inunso, chifukwa funso lanu la but ndi limene linabweretsa malangizo aja. Mawa ndikwera minibasi yoyamba.