Ndithandizeni maganizo, kukonda kulembaku ndi mphatso ya Mulungu kapena ndi chizolowezi chabe?

Moni nonse abale ndi alongo. Pepani nditalikitsa pang'ono koma nkhaniyi ikundisowetsa tulo.

Mwezi wathawu timalongedza katundu wa malemu mayi anga ndiye pansi penipeni pa sutikesi yawo ndinapeza makope atatu omanga ndi kansalu. Kutsegula, ndi anga, a nthawi yomwe ndinali ndi zaka 9 mpaka 13. Muli tinthano, ndakatulo, ndi kasewero kena komwe ndinkafuna tikachite ku Sande sukulu koma sizinatheke. Masipelo olakwikalakwika, inki inachita kufufuta, koma nditawerenga ndinangokhala pansi nkuyamba kulira, sindinkadziwa kuti mayi ankasunga zimenezi zaka zonsezi.

Chomwe chikundikhudza nchoti palibe ankandituma. Anzanga akamasewera panja ine ndinkathothola mapepala apakati pa kope nkumalemba mpaka mdima. Agogo akafuna kalata ankaitana ine, iwo akunena ine ndikulemba, penapake ndinkaonjezera timawu tanga kuti kalatayo ikome ndipo ndikawawerengera ankati eya ndimafuna kunena zimenezo. Ndinasiya nditafika ku sekondale, bambo anati zolembalemba sizidyetsa munthu limbikira masamu. Sindiwaimba mlandu, ankandifunira zabwino. Pano ndili ndi zaka 36, ana awiri, ntchito yanga ndi yowerengera ndalama.

Chipezereni makopewo ndikumadzuka 4 koloko m'mawa nkumalemba pa foni ana asanadzuke ndipo mtendere umene ndimaumva ndi ngati wa nthawi yopemphera. Ndiye fanizo la matalente la pa Mateyu 25 likundivutitsa, wantchito uja analandira imodzi nkukaikwirira pansi chifukwa cha mantha, kodi si ine ameneyo zaka zoposa 20? Ndawerenganso za Bezaleli pa Eksodo 31, Mulungu anamudzaza ndi Mzimu osati kuti azilalikira ayi, koma azisula golide ndi siliva, kusema miyala ndi mitengo. Ndiye kuti luso la manja nalonso limachokera kwa Iye. Mumtima mwanga ndikukhulupirira kuti kulembaku anandipatsa ndi Iyeyo, kungoti ndikuopa kudzinamiza.

Inu amene munadutsamo, munadziwa bwanji kuti chanucho ndi mphatso osati kungochikonda? Chinanso, mnzanga wa kutchalitchi akuti ngati nzochokera kwa Mulungu ndizilemba zauzimu zokhazokha, koma zimene zimandibwerera ine ndi nkhani za m'banja, umasiye, ana osamvedwa ndi makolo awo, kodi pamenepa ndikulakwa? Amuna anga sindinawaonetsebe ngakhale tsamba limodzi, ndiyambe ndi iwowo kapena ndipeze kaye munthu wodziwa zolemba amene angandiuze chilungamo mosandinyengerera?