Nyerere ya mu amba ikukana kujambulika, nsagwada sizikuoneka

Kachipangizo: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Abwana akufuna zithunzi za nsagwada za Haidomyrmex, nyerere yamakedzana yotsekeredwa mu amba (utomoni wa mtengo umene unauma n'kulimba kalekale), pofika Lachisanu. Amba wake ndi wa ku Kachin ku Myanmar, uja wa zaka pafupifupi 99 miliyoni, koma pamutu penipeni pali mng'alu ndi kathovu ka mpweya. Stacking (kuphatikiza zithunzi zambiri kuti mbali zonse zioneke bwino) ndapanga, chithunzi chikungotuluka mbuu. Ndipale ndi sandipepa wonyowa kuti ndiyandikire?

Gogo wa Lab: Musapale achimwene. Nsagwada za nyerere zimenezi ndi zazitali ngati zikwakwa, zimakwera m'mwamba, sizilumira m'mbali monga zimachitira za linthumbu. Nsonga ikhoza kukhala pafupi kwambiri kuposa mmene diso likukuuzirani. Ndinaonapo mnyamata wina akupala chidutswa cha amba wa ku nyanja ya Baltic ku Ulaya, kamwendo ka kachilombo kanapita ndi madzi mu sinki iye akuyang'ana. Tsiku limenelo nsima sanadye.

Mkakamira: Mwatsimikiza kuti ndi amba? Donthezani acetone (mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo) pakona, ngati ndi copal, utomoni umene sunakhwime kukhala amba, imanata.

Kachipangizo: Haidomyrmex mu copal? Nyererezi zinatha nthawi ya madayinoso, copal ndi utomoni wa dzanadzanali.

Mai a Kamera: Acetone pafupi ndi mng'alu ayi ndithu, ngakhale sipiriti. Ine ndimadontheza glycerine pamwamba, n'kuikapo cover slip (kagalasi kopyapyala), nyali ya LED ndimaitchinga ndi pepala loyera kuti kunyezimira kuthe. Koma mng'alu wanuwo ngati wafika kunja, madziwo alowa ndipo satulukanso. Nyali ya halogen musayerekeze, kutentha kumakulitsa mng'alu.

Mkakamira: Lebulo amalemba ndi munthu. Copal ya ku Madagascar anthu agulitsidwa kangati ngati amba? Yesani kaye.

Wa Mapepala: Inu mukulimbana ndi chithunzi, mapepala ogulira alipo? Mu 2020 a Society of Vertebrate Paleontology, bungwe la akatswiri a mafupa a nyama zamakedzana, anapempha kuti amba wa ku Myanmar wogulidwa itadutsa June 2017, asilikali atalanda migodi ija, asamafalitsidwe m'magazini a sayansi. Mukhoza kuvutika sabata yonse, akonzi n'kukubwezerani.

Gogo wa Lab: Njira yosakhudza chidutswa ndi micro-CT basi, makina a X-ray oona m'kati mwa chinthu osachidula, ngati kwanuko ilipo. Kwathu kuno mzere wake umatha miyezi, ndiye a mafupa a nsomba amadumphira kutsogolo ati zawo ndi zachangu.

Mai a Kamera: Agogo, musandikumbutse. Ife anatiuza kuti tibwere 2 koloko usiku, titafika mwini kiyi foni yake yozimitsa.

Mkakamira: Musanawononge ndalama pa CT, kadontho kamodzi ka acetone, kutali ndi mng'aluwo. Chavuta n'chiyani?