Buku la Márquez landikanika, thandizeni

Moni nonse abale. Ndili ndi vuto ndi buku lija la Gabriel García Márquez, One Hundred Years of Solitude, lomwe anthu amalitama kwambiri. Ndinaligula kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe koma miyezi itatu tsopano ndangofika pakati. Chikundizunguza mutu ndi mayina, amuna a banja la Buendía pafupifupi onse ndi José Arcadio kapena Aureliano, mpaka ana 17 a bambo mmodzi onsewo Aureliano, ndiye ndimangowerenga osadziwa kuti wamwalira ndi uti. Ndayambiranso kawiri, ndalemba mzere wa banja lonse kuseri kwa kope, ndayesanso kumvetsera audio pa foni, koma mtima sukukoka ndipo zikundiwawa. Inu amene munalimaliza munatani? Kutsogoloku limakoma kapena ndingolisiya?