Ndivomere masters ya kafufuzidwe ka mafuta kapena ndiisiye?

Akuluakulu a pa gulu pano, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munagwirako ntchito kumakampani a mafuta. Ndinamaliza digiri ya geology (maphunziro a miyala ndi nthaka), ndipo ndapatsidwa malo pa masters ya kafufuzidwe ka mafuta ndi gasi. Akufuna yankho langa pakutha pa masabata awiri, koma mtima wanga uli pawiri.

Chikundisowetsa tulo ndi nkhani ya BP, kampani yaikulu ya mafuta ya ku Britain. Mu 2020, bwana wamkulu ali Bernard Looney, kampaniyi inalonjeza kuti pofika 2030 idzakhala itachepetsa mafuta ndi gasi amene imakumba ndi 40 peresenti, ndipo chaka chomwecho inalengeza kuti ichotsa antchito pafupifupi 10,000. Mu 2023 lonjezo lija linatsika kufika pa 25 peresenti. Mu February 2025, Murray Auchincloss, amene analowa m'malo mwa Looney, analitaya, n'kunena kuti ndalama zopita ku mafuta ndi gasi zikwera kufika pafupifupi madola 10 biliyoni pachaka. Mu August chaka chomwecho a BP anapeza mafuta ndi gasi pa Bumerangue, kunyanja ya Brazil, ndipo anati sanapezepo malo aakulu chonchi m'zaka 25.

Pongomva, ntchito yabwerera. Koma ntchitoyi ndi yochedwa kubala. Kampani ina, ExxonMobil, inapeza mafuta pa Liza, kunyanja ya Guyana, mu 2015, oyamba anatuluka mu December 2019, ndipo amenewo amati anafulumira. Ngati kampani yaikulu monga BP yasintha maganizo katatu m'zaka zisanu, ine pomaliza sukulu ndidzapeza akulemba anthu kapena akuwachotsa? Ntchito yowerenga zimene zili pansi pa nthaka ndimaikonda kwambiri, n'chifukwa chake ndikuopa kuyikapo zaka zanga n'kudzasowa pogwira.

Yankho: Achimwene, pankhani yochotsa antchito simukulakwitsa. Mitengo ya mafuta ikagwa, ndalama zoyamba kudulidwa ndi za ofufuza, chifukwa chitsime chakale chikubweretsa ndalama lero, pamene chofufuzira chimangodya ndalama ndipo zambiri zimatuluka zopanda mafuta oti n'kugulitsa. Shell inapeza mafuta ku Namibia mu 2022, koma mu January 2025 inavomera kuti yataya madola pafupifupi 400 miliyoni kumeneko, chifukwa miyala yake siilola mafuta kuyenda bwino.

Yankho: Ine ndikuti pitani, koma muyambe mwaona maphunziro amene ali m'katimo. Ngati akuphunzitsa bwino seismic (kuunika za pansi pa nthaka pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso) ndi kayendedwe ka madzi, mafuta ndi gasi m'miyala, luso lomwelo likufunika kwa a geothermal (otenga mphamvu ku kutentha kwa pansi pa nthaka), kwa osunga carbon dioxide pansi pa nthaka, ngakhalenso kwa ofufuza madzi. Malo akale okumbako mafuta amachepa mphamvu chaka ndi chaka, ndiye makampani sangasiyiretu kufufuza.

Zikomo nonse awiri. Ndayang'ana, seismic ilimo yambiri, koma za geothermal mulibe. Kodi olemba ntchito kumeneko amalandira munthu amene pepala lake lalembedwa petroleum, kapena amangoona dzinalo n'kuliyika pambali?