Zomwe ndachita pa mawindo a nyumba yotenthedwa ndi dzuwa ija

Paja ndinafunsa ngati ndiike magalasi awiriawiri m'mawindo onse a nyumba yomwe ndikufuna izifunda ndi dzuwa lokha nyengo yozizira. Ambiri munati ndiyambe ndi denga, ndipo munalondola. Kutentha kumathawira m'mwamba, choncho ndayala fiberglass (zinthu zonga thonje zotchinga kutentha kuti kusathawe) pamwamba pa siling'i yonse mpaka m'makona.

Pa magalasi ndinatsala pang'ono kulakwitsa. Galasi limodzi U-value yake (muyezo wa kutentha komwe kumathawira pagalasi; ikakhala yotsika ndiye bwino) ili cha m'ma 5.8, pomwe awiri okhala ndi mpweya pakati amaitsitsa kufika cha pa 2.8. Ine ndimafuna Low-E (magalasi opakidwa zinthu zobweza kutentha) paliponse, osadziwa kuti mitundu ina ya Low-E imabweza dzuwa lomwelo lomwe ndikulifuna m'nyumba. Tsono mbali yoyang'ana ku equator, komwe dzuwa limakhala nyengo yozizira, ndaikako magalasi a SHGC (muyezo wa kutentha kwa dzuwa komwe galasi limalowetsa m'nyumba) yokwera, cha pa 0.6, ndi khonde lotchinga dzuwa la m'chilimwe. Kumadzulo ndachepetsa mawindo, chifukwa dzuwa la masana limapsereza chipinda.

Dzulo usiku ndinaponda pansi pa konkire wopanda nsapato, panali pofunda ndithu. Chondidetsa nkhawa ndi mafelemu a aluminiyamu: m'mawa akumachita thukuta, madzi n'kumadontha m'munsi mwa zenera.